Mfumukazi Seondeok wa ku Silla

1. Maufumu atatu

Kutali kwambiri, kum'mawa kwa dziko la China, kuli dziko la Korea. Ndi dziko la mapiri ambiri. Nyanja yamcere yalizungulira mbali zitatu. Anthu a kumeneko amalima mpunga m'zigwa. Nthawi yozizira kumazizira koopsa, mpaka madzi a m'madziwe amaundana ndi kulimba ngati mwala.

Zaka pafupifupi 1,400 zapitazo, ku Korea kunali maufumu atatu. Kumpoto kunali ufumu wa Goguryeo. Unali waukulu, ndipo unali ndi asilikali ambiri. Kumwera cakumadzulo kunali ufumu wa Baekje. Kumwera cakum'mawa kunali ufumu wa Silla.

Maufumu atatuwa sankagwirizana. Ankalimbirana minda, mitsinje ndi malinga. Linga ndi mpanda waukulu wa miyala kapena wa dothi, umene anthu amabisalamo nthawi ya nkhondo. Wolanda linga ankalandanso minda yonse yozungulira lingalo.

Mzinda waukulu wa Silla unali Seorabeol. Lero mzindawu umachedwa Gyeongju, ndipo uli m'dziko la South Korea. Mu mzinda umenewu munakulira mwana wamkazi wa mfumu, amene anadzakhala mkazi woyamba kulamulira Silla.

2. Duwa lopanda fungo

Mfumu ya Silla masiku amenewo inali Jinpyeong. Inalamulira zaka 53, kuyambira caka ca 579 mpaka caka ca 632. Mkazi wake anali Maya. Mfumuyi inalibe mwana wamwamuna. Inali ndi ana aakazi okhaokha. Mmodzi wa iwo dzina lake linali Deokman.

Mabuku akale a ku Korea amanena kuti Deokman anali wofatsa, wacifundo ndi wanzeru. Ankayang'ana cinthu mofatsa asanalankhule.

Tsiku lina kunafika mphatso yocokera ku China. Inali cithunzi ca maluwa ochedwa peony, pamodzi ndi mbewu zake. Maluwawo anali aakulu ndi okongola. Aliyense anawatama.

Deokman anayang'ana cithunzico. Kenaka ananena kuti maluwawo ndi okongoladi, koma sadzanunkhira. Bambo ake anaseka, nam'funsa kuti wadziwa bwanji. Iye anayankha kuti pa cithunzipo palibe gulugufe kapena njuci. Duwa lonunkhira silisowa agulugufe.

Anthu anadzala mbewu zija. Zinamera, zinakula, zinacita maluwa. Mabuku akale aja amati maluwawo analibedi fungo. Enawo anaona zimene zinali pa cithunzi. Deokman anaona cimene cinasowapo.

3. Ndani adzalowe ufumu?

Ku Silla, munthu ankalemekezedwa malinga ndi banja limene anabadwiramo. Mabanjawo ankawawerenga ndi mau akuti fupa. Fupa lapamwamba koposa linkachedwa fupa lopatulika. Masiku amenewo, munthu wa fupa lopatulika yekha ndiye ankayenera kukhala mfumu.

Mfumu Jinpyeong itakalamba, panali vuto. Amuna a fupa lopatulika anali atatha. Otsala anali akazi. Koma ciyambire, ku Silla kunali kusanakhale mfumu yaikazi.

M'caka ca 631, akuluakulu awiri, Chilsuk ndi Seokpum, anapangana zoukira mfumu. Ciwembu cao cinaululika. Onse awiri anagwidwa ndi kuphedwa.

Caka cotsatira, mu 632, Mfumu Jinpyeong inamwalira. Anthu a dziko anaika Deokman pa mpando wa bambo ake. Anakhala wolamulira wa nambala 27 wa Silla. Mbiri imam'dziwa ndi dzina lakuti Mfumukazi Seondeok.

Ena anakondwa. Ena anakhala cete, koma mumtima ankakayika. Ankadikira kuti aone tsiku limene mkaziyo adzalephere.

4. Anayamba ndi osauka

Seondeok atalowa ufumu, anayamba ndi kuganizira anthu ovutika. M'caka comweco ca 632, anatuma amithenga m'dziko lonse. Anawauza kuti akaone amayi amasiye, abambo amasiye, ana amasiye ndi nkhalamba zopanda ozisamala. Amithengawo anapita, nawapatsa thandizo.

M'caka ca 633, mfumukazi inakhululukira anthu a m'zigawo msonkho wa caka cathunthu. Alimi anasunga zokolola zao. M'nkhokwe munatsala cakudya ca ana.

Seondeok ankakondanso maphunziro. M'caka ca 640 anatumiza anyamata a Silla ku China kuti akaphunzire pa sukulu yaikulu ya kumeneko. Ankafuna kuti akabwerere ndi nzeru zothandiza dziko lao.

Anthu ambiri a Silla ankatsata cipembedzo ca Buddha. Mfumukazi nayo inkatsata cipembedzo comweco. M'caka ca 634 anthu anatsiriza kumanga kacisi wochedwa Bunhwangsa. Pa kacisiyu panali nsanja ya miyala yosemedwa ngati njerwa. Gawo lina la nsanjayo likadalipo mpaka lero.

5. Nsanja ya nyenyezi

M'masiku a Seondeok, amisiri anamanga nsanja ina yodabwitsa pafupi ndi nyumba ya mfumu. Dzina lake ndi Cheomseongdae. Tanthauzo lake ndi malo oonerapo nyenyezi.

Nsanjayi ndi ya miyala yokhayokha. Imaoneka ngati botolo lalikulu: pansi ndi yotakata, pamwamba ndi yocepa. Kutalika kwake ndi mamita 9. Amuna asanu ndi mmodzi ataimirirana pa mapewa, wapamwambayo angatsale pang'ono kufika pa nsonga. Ili ndi miyala yoposa 360, pafupifupi ngati masiku a caka cimodzi. Miyalayo inasanjidwa m'mizere 27. Pakati pake pali zenera limodzi loyang'ana kumwera.

Cifukwa ciyani anthu a Silla ankasamala za nyenyezi? Ankafuna kudziwa nyengo. Mlimi wodziwa nyengo amadzala pa nthawi yake. Ankakhulupiriranso kuti zocitika kumwamba zimalosera zimene zidzagwere mfumu ndi dziko.

Mvula yagwa, mphepo yaomba, zivomezi zagwedeza dziko, koma Cheomseongdae ikadaimabe. Ndi imodzi mwa nsanja zakale koposa zoonerapo nyenyezi zimene zatsala ku Asia.

6. Acule a m'dziwe

M'caka ca 636 kunacitika cinthu cacilendo. Acule ambirimbiri anasonkhana m'dziwe lina la mu mzinda, lochedwa Okmun. Analira mosalekeza. Anthu anadabwa, nakauza mfumukazi.

Mabuku akale amati Seondeok anaganiza mofatsa. Maso otong'oka a acule anam'kumbutsa maso a asilikali okwiya. Dzina la dziwelo linam'kumbutsa cigwa cina ca kumadzulo. Conco anaitana mkulu wa asilikali, dzina lake Alcheon. Anam'tuma kuti akafufuze m'cigwa cija.

Alcheon anapita ndi gulu lake. M'cigwamo anapezadi asilikali 500 a Baekje atabisala. Anali atakonzeka kuukira modzidzimutsa. Asilikali a Silla anawagonjetsa.

Nkhani imeneyi inafalikira. Anthu anayamba kunena kuti mfumukazi yao imaona zinthu zisanacitike.

7. Caka ca misozi

Koma masiku ovuta anafika. Ku Baekje kunalowa mfumu yatsopano, dzina lake Uija. M'caka ca 642, Uija anaukira Silla ndi asilikali ambiri. Analanda malinga oposa 40. Linga lalikulu la Daeya linagwanso.

Seondeok anali ndi nduna yanzeru, dzina lake Kim Chunchu. Iyeyu anali mwana wa m'bale wake wamkazi wa mfumukazi. Pa linga la Daeya panafera mwana wamkazi wa Kim Chunchu pamodzi ndi mwamuna wake. Kim Chunchu atamva uthengawo, anatsamira nsanamira tsiku lonse, osalankhula. Anthu ankadutsa pamaso pake, iye osawaona.

Kenaka anapempha mfumukazi kuti im'tume ku Goguryeo akapemphe thandizo. Mfumukazi inavomera. Koma mfumu ya Goguryeo inati Silla ayambe wapereka malo ena a m'malire. Kim Chunchu anakana. Pomwepo anam'tsekera.

Ali m'ndende, nduna ina ya Goguryeo inabwera kudzamuona, nim'simbira nthano ya Kalulu ndi Kamba. Mwana wa mfumu ya pansi pa nyanja anadwala, ndipo mankhwala ake anali ciwindi ca kalulu. Kamba anapita kumtunda, nanyengerera Kalulu kuti akwere pa msana pake. Ali pakati pa madzi, Kamba anaulula zoona. Kalulu sananjenjemere. Ananena kuti ciwindi cake anacitulutsa kuti acitsuke, ndipo anacisiya pa mwala. Kamba anabwerera naye kumtunda. Kalulu anadumpha, nathawira m'chire.

Kim Chunchu anamva tanthauzo la nthanoyo. Analonjeza kuti akafika kwao akapempha mfumukazi ipereke malo aja. Nthawi yomweyo, Seondeok anali atatuma asilikali kumalire kuti akam'pulumutse. A Goguryeo atamva zimenezi, anam'masula. Kim Chunchu anabwerera wamoyo, koma thandizo sanabwere nalo. Malo aja Silla sanapereke.

8. Mau opweteka

Tsopano Silla anali pakati pa adani awiri, Baekje ndi Goguryeo. M'caka ca 643, Seondeok anatuma mthenga ku China. Kumeneko kunali mfumu yamphamvu kwambiri, dzina lake Taizong, wa ufumu wa Tang.

Taizong anamvetsera pempho la Silla. Kenaka anayankha ndi mau opweteka. Ananena kuti adani akupeputsa Silla cifukwa wolamulira wake ndi mkazi. Anati atha kutumiza m'bale wake wamwamuna kuti akakhale mfumu ya Silla, pamodzi ndi asilikali om'teteza.

Limeneli silinali thandizo lenileni. Mlendo akanakhala pa mpando, ufumu wa Silla ukanakhala m'manja mwa China. Mthengayo sanasankhe kanthu. Anabwerera kwao.

Seondeok sanacoke pa mpando. Sanathetsenso ubale ndi China, pakuti ankadziwa kuti dziko lake likufuna bwenzi lamphamvu. Anapitiriza kutuma amithenga ndi mphatso. Anapirira cipongwe, nasunga dziko.

Koma mau a Taizong anafika m'makutu mwa akuluakulu a Silla. Amene ankakayika aja anawasunga mumtima.

9. Madzi a kwao

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Seondeok ankadziwa kusankha anthu om'thandiza. Mmodzi wa iwo anali Kim Yu-sin, mlamu wake wa Kim Chunchu.

Kim Yu-sin anabadwa m'caka ca 595. Makolo ake anali mafumu a Gaya, dziko laling'ono limene linalowa mu ufumu wa Silla. Sanali wa mabanja akale a Seorabeol. Koma mfumukazi inayang'ana nchito zake. M'caka ca 644 inamuika kukhala mkulu wa asilikali. Caka comweco iye analanda malinga asanu ndi awiri a Baekje.

M'caka ca 645, Kim Yu-sin anabwerako kunkhondo. Asanafike kunyumba, uthenga unabwera wakuti adani afikanso kumalire. Mfumukazi inam'tumanso. Anapita, nagonjetsa adaniwo. Atabwerako, asanalowe m'nyumba mwake, uthenga wina unafika. Ananyamukanso.

Pa ulendowu, njira inadzera pakhomo pake. A m'banja lake anaima panja kum'dikira. Iye anadutsa osaceuka. Atayenda pang'ono, anaimitsa kavalo wake. Anatuma munthu kuti akam'tengere madzi a kunyumba kwake. Anamwa, nanena kuti madzi a kwao akukoma monga kale.

Asilikali anaona zimenezi. Anazindikira kuti mkulu wao nayenso wasiya banja lake, monga iwo. Analimba mtima. Atafika kumalire, asilikali a Baekje anawaona, nabwerera osamenya nkhondo.

10. Nsanja ya mitengo

M'caka ca 643, mphunzitsi wina wa cipembedzo ca Buddha anabwerako ku China. Dzina lake linali Jajang. Analangiza mfumukazi kuti imange nsanja yaitali pa kacisi wa Hwangnyongsa. Nsanjayo inayenera kukhala ndi zipinda zisanu ndi zinai zosanjikizana. Cipinda ciliconse cinkaimira mtundu umodzi wa anthu oyandikana ndi Silla. Linali pemphero lakuti nkhondo zithe.

Mmisiri wodziwa bwino nchito imeneyi anali ku Baekje, dziko la adani. Dzina lake linali Abiji. Seondeok sananyade. Anatumiza mphatso, nam'pempha kuti abwere. Abiji anabwera, nagwira nchito pamodzi ndi amisiri 200.

Nsanjayo inamangidwa ca m'ma 645. Inali ya mitengo, ndipo inali yaitali kuposa mamita 60. Anthu ankaiona ali kutali. Pa nthawi ya mantha, inkawakumbutsa kuti dziko lao likadali ciimire.

Nsanjayi inakhala zaka pafupifupi 600. M'caka ca 1238, asilikali a Mongol anaitentha. Lero patsala miyala ikuluikulu ya maziko ake.

11. Nyenyezi imene inabwerera kumwamba

Mdani wotsiriza wa Seondeok sanacokere kunja. Anacokera m'bwalo lake lomwe.

M'caka ca 645, mfumukazi inapatsa munthu wina, dzina lake Bidam, udindo waukulu koposa pakati pa nduna. Koma kumayambiriro kwa caka ca 647, Bidam ndi mnzake Yeomjong anaukira. Ankauza anthu kuti mkazi sangathe kulamulira bwino dziko.

Oukirawo anamanga msasa pa linga la Myeonghwal. Asilikali a mfumukazi anali pa linga la Wolseong. Anamenyana masiku khumi, popanda wopambana.

Usiku wina, nyenyezi yaikulu inathothoka kumwamba, nigwera ca ku Wolseong. Bidam anauza anthu ake kuti cimeneco ndi cizindikiro cakuti mfumukazi yagonja. Oukirawo anapfuula ndi cimwemwe. Asilikali a mfumukazi anacita mantha. Seondeok nayenso anada nkhawa.

Kim Yu-sin anapita kwa mfumukazi, nailimbitsa mtima. Ananena kuti zabwino ndi zoipa zimabwera cifukwa ca zocita za anthu, osati cifukwa ca nyenyezi.

Kenaka anapanga cidole cooneka ngati munthu. Anacimangirira pa kaiti, kanthu kaja kouluka ndi mphepo kali pa cingwe. Usiku anayatsa cidoleco, naulutsa kaitiyo. Moto unakwera m'mwamba mu mdima. M'mawa mwake, anthu ake anafalitsa mbiri yakuti nyenyezi ija yabwerera kumwamba.

Asilikali a mfumukazi analimbanso mtima. Oukira anayamba kukayika. Kim Yu-sin anawathira nkhondo, nawagonjetsa. Bidam anagwidwa ndi kuphedwa.

Koma Seondeok sanaone mapeto ake. Anamwalira nkhondoyo ili mkati, m'mwezi woyamba wa caka ca 647. Anali atalamulira zaka 15. Anam'ika pa phiri la Nangsan, pamalo amene iye mwini anasankhiratu.

12. Zimene anasiya

Bidam ankati mkazi sangalamulire. Koma Seondeok atamwalira, anthu a Silla anaikanso mkazi wina pa mpando. Anali m'bale wake, Mfumukazi Jindeok, amene analamulira mpaka 654.

Pambuyo pake, Kim Chunchu anakhala mfumu. Amadziwika ndi dzina lakuti Mfumu Muyeol. Ubale uja wa Silla ndi China unabala zipatso. M'caka ca 660, asilikali a Silla ndi a Tang anagonjetsa Baekje. Wotsogolera asilikali a Silla anali Kim Yu-sin. M'caka ca 668 anagonjetsanso Goguryeo. Kenaka a Tang anafuna kulamulira Korea yense, koma Silla anawacotsa pofika caka ca 676. Ufumu wa Silla unakhalapo mpaka caka ca 935.

Anthu awiri amene anatsogolera nchito imeneyi, Kim Chunchu ndi Kim Yu-sin, anakulira m'manja mwa Seondeok. Iye ndiye anawakhulupirira ndi kuwapatsa udindo.

Zambiri za moyo wake zinalembedwa m'mabuku awiri akale, Samguk sagi ndi Samguk yusa. Kim Bu-sik, amene anatsogolera kulemba buku loyambalo m'caka ca 1145, nayenso ankaganiza kuti mkazi sayenera kulamulira. Koma m'buku lake lomwelo muli nkhani za amasiye amene anathandizidwa, za msonkho umene unakhululukidwa, ndi za ufumu umene sunagwe pakati pa adani awiri.

Lero, ku Gyeongju, anthu amakwera phiri la Nangsan kukaona manda a Seondeok. Ndi culu cacikulu comera udzu, pakati pa mitengo ya paini. Ana a sukulu, atsikana ndi anyamata, amapitanso kukaona Cheomseongdae, nawerenga mizere yake ya miyala mpaka kufika pa 27.

Mafunso

1. Chulani maufumu atatu a ku Korea wakale.
2. Kodi Deokman anadziwa bwanji kuti maluwa aja sadzanunkhira?
3. Kodi Seondeok anathandiza ndani atangolowa ufumu?
4. Kodi nsanja ya Cheomseongdae inali ya nchito yanji?
5. Kodi Kalulu anapulumuka bwanji kwa Kamba?
6. Cifukwa ciyani Kim Yu-sin sanalowe m'nyumba mwake?
7. Kodi nyenyezi ija inabwereradi kumwamba? Fotokozani.

Nchito ya kunyumba

Funsani amayi, abambo kapena agogo anu ngati akudziwa mayi wina amene anatsogolera mudzi kapena dera. Kodi anacita zotani? Mawa mudzafotokozere anzanu m'kalasi.

Jambulani nsanja ya Cheomseongdae, ndipo pamwamba pake mujambulepo nyenyezi.